Kulira kwa Mai Borbála

Mu 1956 ndinalonjeza aphunzitsi anga, a Dezső Halmágyi, kuti nyimbo ya pamapepala atatu aja sidzalowanso m'khutu la munthu.

Iwo anali wopeka nyimbo, ndipo ankayenda m'midzi kulemba zoimba za alimi. Kumudzi kwathu Mai Borbála, katswiri wolira maliro, anawakanira. Anati nyimbo yolira maliro saimbira mlendo, imafuna mtembo. Ukaiimba popanda mtembo waitana imfa. Mwana wa mayiwo atamwalira, aphunzitsi anabisala kuseri kwa chitseko ndi pensulo, n'kulemba kulira konse, ngakhale pomwe mawu ankaduka.

"Ndinaba, Jolán," anandiuza ali pamphasa ya imfa. "Kuiwotcha, manja akukana. Akatswiri anzanga usawapatse, aipachika nambala ngati gulugufe wobayidwa singano. Sunga, koma asamve munthu."

Ndinathawa dziko ndi mapepalawo, nditawasokerera m'jasi. Ku Toronto, kutsidya kwa nyanja, ndakhala zaka makumi atatu ndi zinayi, ndikuwerenga mabuku onenepa a akatswiriwo. Amadziwa kuyeza nyimbo; amene anaikapo mwana m'manda sindinamupezemo.

Ndabwera kumudzi chaka chino kudzaika mchimwene wanga Benedek. Pamaliro anthu anangoima duu, ngati akudikira basi.

"Alamu, wolira ndani?" ndinafunsa Piroska, mkazi wake.

"Wolira? Zimenezo zinapita ndi ngolo za akavalo. Abusa ali ndi maliro ena masana ano."

"Ndiye mchimwene wanga apite ngati katundu wa papositi?"

"Mwayambatu. Zaka zonsezi makalata awiri okha, lero mwabwera kudzatiphunzitsa kulira? Lirani m'Chingerezi timve."

"Chingerezi n'chogulira mkaka, alamu. Tandipatsani njira."

"Jolán, musatichititse manyazi, pali anthu!"

"Anthu ndi amene ndikuwafunawo."

Ndinatulutsa mapepala m'chikwama. Anali atafiira, pensulo itazimirira, koma dzanja lopendekera la aphunzitsi ndimalidziwa kuposa langa. Pamene Mai Borbála anaitana mwana wawo, ine ndinaika Benedek. Pamene aphunzitsi analemba timawu toti "apa akomoka", sindinafunikire kuwerenga. Abusa anayang'ana wotchi. Gogo wina kumbuyo anavundukula mpango kumakutu, n'kuyamba kundilandira mapeto a mzere uliwonse.

Ndinaimba mapepala onse atatu, mudzi wonse ukumva.