Khomo la Alendo

Kachingwe anali chogwada pansi pa tebulo, akulondola waya ndi chala, pamene aphunzitsi analowa m'chipinda cha makompyuta. Dzinali anamupatsa ndi anzake a m'kalasi, poti m'thumba mwake simunkasowa kachidutswa ka waya.

"Lero palibe zolemba pabolodi," anatero aphunzitsi. "Mukhala awiriawiri. Wina ateteza netiweki, wina ayesa kuthyola. Wopambana pofika madzulo ndimulembetsa mayeso a satifiketi mwezi uno. Wogonja adikire ulendo wina."

Maere atagwa, kalasi yonse inaseka. Kachingwe anali woteteza, ndipo womuthyola anali achimwene ake enieni, amene anamulera bambo awo atamwalira. Iwo anali wokonza mafoni, ndipo sukuluyi analowa limodzi ndi mlongo wawoyo.

"Usaope, ndikuthyola mwachifundo," anatero achimwene akumwetulira.

Kachingwe anayamba ndi kusintha pasiwedi imene rauta, kabokosi kogawa intaneti, inabwera nayo kuchokera kufakitale. Sanaike dzina la mayi kapena la galu wawo wakale, chifukwa munthu wokulera amadziwa ngakhale pamene umabisa makiyi. Kenako anatseka makomo onse a netiweki amene sankagwira ntchito, monga mayi amatsekera mawindo mvula ikamalendewera. Khoma lotchinga netiwekiyo analiuza kuti likane aliyense, kupatula amene iye wamutchula. Pomaliza anapatula kanetiweki ka alendo, kofika pa intaneti koma kosafika pa seva, kompyuta yaikulu imene ankailondera.

M'mawa wonse ankaona pasikirini achimwene akugogoda khomo ili, kugogoda ilo. Palibe linatseguka.

Masana anzawo atatuluka kukadya, achimwene anabwera chimanjamanja, nkhope ili yakugwa.

"Alamu ako ali kuchipatala ndi mwana," anatero motsitsa mawu. "Anaimba kuti adokotala akufuna zithunzi zakale za pachifuwa zija, foni n'kundizimira. Zili mufulashi iyi. Ukudziwa kuti makompyuta a ife othyola anawachotsera intaneti. Tandibwereka laputopu yako pang'ono chabe."

Mwanayo ankadwaladi, Kachingwe mwini anamumva akutsokomola m'mawa. Ndipo chibadwire anali asanawakanizepo kanthu achimwenewa. Chibale ndi fupa, sichiwola. Dzanja lake linali litayamba kale kukankha laputopuyo pamene anakumbukira phunziro limene aphunzitsi ankabwereza mpaka kutopetsa: wakuba wochenjera saboola khoma, amapempha kuti umutsegulire, ndipo amabwera ndi nkhope imene sungaikane. Fulashi imodzi ikhoza kunyamula zithunzi za mwana pamodzi ndi kapulogalamu kotsegula makomo kuchokera m'kati.

Anabweza dzanja.

"Laputopu yanga ayi, achimwene."

Mawuwo anatuluka owongoka kuposa mmene ankaganizira. Achimwene anamuyang'ana ngati akumuona koyamba.

"Mwana akudwala, iwe ukuganiza za mayeso?"

"Zithunzi zipita pompano. Bweretsani laputopu yanu, ndikulumikizeni pa khomo la alendo."

"Ndasanduka mlendo kwa iwe?"

"Kunyumba ndinu bambo anga. Muno ndinu mlendo mpaka madzulo."

Achimwene anapita kukaitenga. Kachingwe ankadziwa chimene akuchita: ankalowetsa womuthyola m'bwalo mwake ndi manja ake. Ngati panali pamene analakwitsa popatula kanetiweki kaja, mayeso amupita. Anaonanso malamulo a khoma lake mzere ndi mzere, napeza kuti palibe choti asinthe. Anawalumikiza, nawabwereka ndi chaja ya foni yomwe.

Pasikirini anaona zithunzi zikutuluka, zonse bwinobwino. Posakhalitsa kugogoda kunayambiranso, tsopano kuchokera m'kati, kulunjika pa seva. Kachingwe anadzutsa mutu. Achimwene anali atawerama pa kiyibodi, lilime lili pakona pa mlomo, osamuyang'ana n'komwe. Iye anatsamira mpando, n'kumadya mkate wake pang'onopang'ono, akuonerera khoma likubweza chilichonse.

Madzulo aphunzitsi anayendera matebulo onse. Atafika pa Kachingwe anawerenga pasikirini nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu movomera.

"Wamulowetsa, koma osamupatsa nyumba. Ukalembe mayeso."

Potuluka pageti, achimwene anamuonetsa foni. Mwana anali atalandira mankhwala, ndipo akusewera.

"Ndiye zinali zoona," anatero Kachingwe.

"Zoona zokhazokha."

"Nanga fulashi ija?"

Achimwene anakanda kumutu, kenako anaseka mpaka mapewa kugwedezeka.

"Inali ndi kamphatso kako. Ukanaibaya pa laputopu yako, ndikanapambana, koma ndikanakukalipira njira yonse." Kenako anati, "Mawa undionetse mmene unatchingira muja."

"Mubwere molawirira. Sindidikira ochedwa."

Basi itaima, anthu anayamba kukankhana pakhomo. Achimwene anatambasula mkono kutchinga khamulo, kuti mlongo wawo akwere poyamba.