Udzu wa M'matiresi

Mawilibala asanu a udzu wouma. Ndiwo amene mlamu wake anamulonjeza mayiyu tsiku limene anatenga wilibala ya malemu mkulu wake, mwamuna wa mayiyu, anthu asanabalalike n'komwe pamaliro. Pa asanuwo anabweretsa awiri, ndipo awiriwo bola akanangokhala nawo.

Mayi wa anyezi, monga ankamutchulira kumsika, anaima m'dimba manja ali m'chiuno. Mabedi awiri amene anaphimbira ndi udzu wa mlamuyo anali atamera chisoso chokhachokha. Munthuyo anamweta udzu wokhwima, wa njere kale, ndiye m'malo mopha tchire anachita kulifesa. Mabedi atatu otsalawo anali osaphimbira, anyezi akulimbana ndi dawe. Mwini malo anali atanena kale kuti Loweruka akapeza tchire, dimba apatsa wina. Kugwada n'kuzulira tsiku ndi tsiku mayiyu sakanatha, maondo anali atatupa ngati maungu.

Anamupeza mlamuyo pamalo omanga nyumba, akututa njerwa ndi wilibala yomweyo.

"Alamu, udzu wanga uli kuti?"

"Moni kaye, alamu. Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka ndi chisoso. Mwandifesera ndinu."

"Udzu ndi udzu. Ndikanauvula malaya kuti ndione njere?" Anaseka, amisiri awiri pakhoma n'kumuthandiza. "Ndiponso chisoso ndi ndiwo. Thyolani mukagulitse."

"Ndinati wouma, wopanda njere. Mwatsala ndi atatu, kuphatikiza awiri munaonongawo. Apo ayi, tsitsani njerwazo ndizipita nayo."

Mlamuyo anapukuta manja pathalauza.

"Wilibalayi ndi ya achimwene anga. Inu munabwera nayo kuchokera kwanu? Udzu sindimwetanso. Kudambo anatentha kale, mukafuna kawoleni phulusa."

Ananyamula zogwirira n'kukankha. Tayala linalira mmene linkalirira mwini wake ali moyo.

Mayiyo sanatukwane. Kutukwana sikuphimba bedi. Anafika kunyumba n'kulowa kuchipinda. Pakona panali matiresi a masaka amene mwamuna wake anasoka yekha ndi kuthiramo udzu zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Anadwalira pomwepo, anatsirizikira pomwepo. Pakati panali chidikha cha msana wake.

Mayiyo anatenga mpeni n'kung'amba msoko. Udzu unatuluka wofewa, wotuwa, wonunkha mafuta amene ankamupaka akudwala. Anaufikisa m'manja kufuna njere. Munalibe ngakhale imodzi.

Masiku awiri anazulira atakhala pansi, akudzikhwekhwereza pa saka. Anasankha mabedi awiri a anyezi wonenepa, n'kuyala udzuwo mochindikala ngati chikhatho, osaugunditsa kumitengo ya anyezi kuopa kuoletsa. Pa bedi lachitatu udzu unathera pakona.

Loweruka mwini malo anabwera ndi bambo wina wa khasu latsopano. Anayenda m'dimbamo n'kuima pa mabedi ophimbirawo.

"Awiriwa sungani, mayi. Atatuwo ndapatsa bambowa."

"Anyezi ali m'menemo ndi wanga."

"Mukamupeza m'tchiremo, zulani lero."

Anazula. Tinali timitu ngati zala, tosadzaza ndi beseni lomwe. Pobwerera anakumana ndi mlamu uja pamsewu, wilibala ili yopanda kanthu.

"Alamu, ikani muno katunduyo ndikuperekezeni. Mungondigawirako pang'ono wa ndiwo."

"Ayi," anatero mayiyo, n'kusenza beseni lake.