Makala Anjala a Aji Nahariah

Zaka makumi awiri ndakhala moyandikana ndi Aji Nahariah, ndipo zaka zonsezo mkangano wathu unali umodzi: mbuzi zanga. Zimagona pansi pa nyumba, pakati pa mizati yomwe imainyamula m'mwamba, monga zimachitira mbuzi za anthu ambiri kuno ku Luwu. Amuna anga atapita kukagwira ntchito ku Malaysia osabweranso, mbuzizo ndi zomwe zandidyetsa. Koma chibwerereni ku Maka, ulendo womwe unawapatsa dzina laulemu loti Aji, amavala zoyera zokhazokha, ndipo akamadutsa pakhomo panga ankatseka mphuno ndi nsonga ya mpango. Ine Sanatang pakamwa sindisunga mawu. Ndinkangowayankha kuti, "Pepani Aji, mbuzizi ku Maka sizinapiteko."

Amuna awo, Daeng Mattola, anali munthu wofatsa, wa mawu ochepa. Mitengo yawo ya koko inali itakalamba ngati ya tonsefe, yobereka tizipatso takuda tofumbwa m'kati. Koma pamalire a munda wawo ndi wanga panali mtengo umodzi wosadziwa ukalamba. Zipatso zinkayambira patsinde penipeni, zonenepa ngati mapapaya, ndipo mudzi wonse unkautchula kuti mtengo wa Mattola. Atatsala pang'ono kugwa m'matenda, bamboyo anadula timphukira take n'kumezanitsa pa mbande mazana awiri za m'machubu. Matendawo atawatenga tinawaika m'manda, ndipo mwezi usanathe chimphepo chinazula mtengo uja. Zonse zotsala za mtengowo, komanso ntchito yomaliza ya manja a malemuyo, zinali m'machubu aja, pansi pa chisakasa cha masamba a kokonati.

Nthawi yomweyo mlangizi wathu wa zaulimi, Pak Yohanis, anabwera kudzatiphunzitsa za makala a mankhusu a mpunga. Anatisonyeza kawotchedwe kake, kuti mankhusu ade koma asasanduke phulusa. Kenaka anatapa makala odzaza dzanja.

"Amayi, apa mundimvetsetse," anatero. "Makalawa ali ndi timabowo tosawerengeka, ndipo akangochoka pamoto timabowoto timakhala topanda kanthu. Muyambe mwawaviika mumkodzo ndi ndowe za mbuzi milungu iwiri kuti akhute. Akakhuta amasunga chakudya ndi chinyezi n'kumagawira mizu pang'onopang'ono. Koma mukawathira ali ndi njala, adzalanda chakudya cha mbande."

Aji anakhala kutsogolo, akugwedeza mutu pa mawu alionse. Mawa lake ndinaona utsi kuseri kwa nyumba yawo. Ndinadikira kuti abwera kudzapempha za m'khola langa, ndipo ndisaname, ndinali nditakonzeratu mawu oti ndidzawalase nawo. Sanabwere.

Patatha milungu itatu, ndikumweta udzu wa mbuzi, ndinasuzumira pansi pa chisakasa chija. Masamba a mbande anali atachita chikasu, ena akuyoyoka. Aji anali atakhala pachitsa, atagwira tsaya.

"Aji, mbandezi zikudwalatu. Makala aja munawaviika?"

"Ndinawaviika."

"M'chiyani? Inu mbuzi mulibe, ndipo kwa ine simunafike."

"M'madzi a pachitsime. Ndinawatsuka katatu."

Ndinaphulika chiseko. "Kutsuka makala, Aji? Nanga anayera?"

Iwo sanaseke. "Sana, manja awa ndimaswali nawo. Mkodzo wa mbuzi ndi chodetsa, iwenso ukudziwa. Ndiye ndikathire zimenezo pa mbande zomwe Daeng anazigwira komaliza? Ndinkafuna kuwapatsa zoyera. Ali moyo sindinawathandizeko m'munda ngakhale tsiku limodzi, ndiye ndimati kamodzi kokha ndiwachitire chinthu mwaulemu."

Ndinasiya kuseka. Ndinachita manyazi, ndipo ndinawamvera chisoni mayi amene ndinakhala ndikuwatola ngati wodzimva. Makala otsukidwawo anali akuyamwa chakudya chonse cha m'machubu, ndipo mlungu wina umodzi ukanakwana kumaliza mtengo wa Mattola kachiwiri.

Panali chinthu chomwe ndinalonjeza malemu kuti sindidzanena. Ndinayang'ana mbande zija n'kuona kuti lonjezolo lizipha.

"Aji, mukuganiza kuti mtengo uja unkabereka chifukwa chiyani, anzake onse atatopa?"

"Anali madalitso a Mulungu."

"Madalitsowo ankadutsira m'khola langa. Lolemba lililonse, inu mukapita kumaphunziro a amayi kumzikiti, Daeng ankabwera ndi ndowa. Ankakwawa pansi pa nyumba yanga, kukokola ndowe, kutunga mkodzo womwe ndinkawasungira m'chigubu, n'kukakwirira mozungulira mtengo uja. Akatha ankasamba pachitsime changa kuti inu musamve fungo. Ankati, 'Mlongo wanga, Aji asadziwe, angavutike mtima.' Anachita zimenezi zaka khumi ndi zisanu."

Ndinkayembekezera kuti akalipa. Koma anangondifunsa, maso ali pa ine.

"Ankasamba ndi sopo wako?"

"Nanga akanasamba ndi wa ndani?"

"Wobiriwira uja, wonunkhira mandimu."

"Yemweyo."

Anavundikira nkhope ndi mpango woyera uja. Atalankhula, mawu ankamveka pang'ono. "Lolemba lililonse ankabwera kunyumba akununkhira sopo wa mkazi wina. Tsiku lina ndinamva fungo lomwelo pa iwe kumsika. Sindinawafunse, ndinkaopa yankho. Sana, fungo lomwe linkanditseketsa mphuno pakhomo pako silinali la mbuzi."

Ndinakhala pansi, padothi pomwepo. Poyamba mtima unanyamuka: ine, zaka khumi ndi zisanu, kuganiziridwa zoterozo popanda wondifunsa! Koma mkwiyowo sunapite patali. Ndinaganiza za mayiyu akupakulira mwamuna wake mpunga Lolemba lililonse, ali chete, mtima ukuwawa, mpaka kumuika m'manda asanamve zoona. Ndinalira, nawonso analira, mbande zili chikasu pakati pathu.

"Safunsa anadya phula, Aji," ndinatero nditapukuta misozi.

"Ndadya lambiri. Kodi mbandezi zingachire?"

"Zina. Mubwere mawa ndi ndowa."

Anafika dzuwa litangotuluka, atavala nsalu yakale ya amuna awo. Ndinawauza kuti aime panja, ndilowe ndine. Anakana. Anawerama, n'kukwawa pansi pa nyumba yanga, mbuzi zikuwadabwa. Tinatenga mkodzo womwe unakhalitsa m'chigubu, n'kusungunula kapu imodzi m'makapu khumi a madzi kuti usawotche mizu. Ndowe zowolerana tinazifumbata n'kuwaza pamwamba pa chubu chilichonse. Aji ankathirira mbande imodzimodzi, osadumpha ngakhale zomwe zinkaoneka kuti zatha kale. Makala omwe anatsala m'thumba tinawaviika mumgolo kuti akhute, odzathira m'maenje pa nthawi yowoka.

Pak Yohanis atadutsa anapukusa mutu, nati tinachedwa koma osati kwambiri. Mbande zinafa makumi asanu ndi zitatu. Aji anaziwerenga okha, ndipo machubu ake sanawataye, anawandandika pambali. Zotsalazo zinakhala masiku angapo osasintha, ife tikungosuzumira m'mawa ndi madzulo ngati anthu odwazika matenda. Tsiku lakhumi ndi chiwiri ndinamva akundiitana kuchokera pansi pa chisakasa. Pansonga za mbande panali timasamba tatsopano, tofiirira, tofewa, tolendewera monga timachitira ta koko tikamaphukira. Aji anagwira kamodzi ndi nsonga ya chala, chala chakuda ndi makala.

Tinawoka mvula itakhazikika. Mbande yoyamba anaiika okha pamalire, m'dzenje lomwe linasiyidwa ndi mtengo uja.

Mpaka lero amabwera ndi ndowa yawo. Maphunziro a kumzikiti sanasiye, amangodzera kwa ine m'mawa asanapite, Lolemba lomwelo. Za fungo la mbuzi amadandaulabe, ndipo ine ndimawayankhabe. Koma sindiiwala tsiku loyamba lija, titamaliza kuthirira. Manja awo anali ndowe mpaka m'zigongono, ndipo nthawi ya swala ya masana inali itayandikira. Ndinawauza kuti athamangire kwawo akasambe.

"Ayi, ndisamba pano," anatero. "Tandibwereka sopo wako uja."

Ndinawapatsa. Anaima pachitsime changa, sopo ali m'manja, osatunga madzi. Anamuyandikitsa kumphuno, n'kutsinzina, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali. Ine ndinapita kukamasula mbuzi kuti ndisawasokoneze.