Yofiira Kapena Yachikasu

Mwana wanga woyamba timamutcha Giya. Dzinali analipeza ali ndi zaka zisanu, chifukwa akamathamanga ndi galimoto yake ya mawaya ankasintha magiya ndi pakamwa mpaka malovu kutsikira pachibwano. Lero ali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, amavala tayi, kuntchito ena amamutcha bwana. Koma mutu wake unatsalira pa galimoto ya mawaya ija.

Bambo ake anadwala sitiroko chaka chatha. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafa, mawu nawo amatuluka limodzilimodzi ngati madzi a pampopi woguga. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse amafunika kuchipatala m'mawa kuti akawawongole ziwalo. Wowaperekeza ndine. Ndimawakhazika pa chikuku, mpando wamatayala uja, n'kuwakankha chitunda chonse mpaka pasiteji. Tikafikapo tidikire minibasi ya kondakitala wamtima, chifukwa ambiri akangoona chikuku amamenya chitseko, galimoto n'kuuluka. Adokotala anachita kundiuza maso ndi maso kuti ndikapitiriza chonchi ndi msana wangawu, pakhomo pathu padzafunika zikuku ziwiri. Kusiya kupita nakonso sikungatheke. Mwendo uja wayamba kugwedezeka pang'ono, tikadumphitsa masiku uumanso.

Ndiye tsiku limene Giya anati, "Amayi, mwezi uno mukusiya kukankha, ndikugula galimoto," ndinamupangira tiyi wamkaka m'kapu ya alendo. Ndinauzako ngakhale makasitomala anga. Ndine telala, makina anga ali pakhonde, ndipo aliyense wobwera kudzayesa diresi sabata imeneyo anaimva nkhaniyi, kaya amafuna kaya samafuna.

Lachitatu masana anatulukira ndi foni m'manja, nkhope ili gwaa ngati wanyamula uthenga wa maliro.

"Amayi, ndasowa mtendere. Tandithandizeni kusankha."

Ndinavala magalasi. Pafonipo panali zinthu ziwiri zophwatalala ngati mphemvu zopondedwa. China chofiira, china chachikasu.

"Zitseko zina zili kuti?"

"Ndi ziwiri basi. Awa ndi magalimoto a liwiro, amayi. Si atsopano ayi, koma eni ake ankawasamala."

"Mipando?"

"Iwiri."

"Ife pakhomo pano tilipo angati opita kuchipatala?"

"Ndiye poti inu muzipumatu! Ine ndi ababa, vuuu, mphindi khumi tafika."

Anakhala pampando wa makasitomala n'kuyamba ulaliki. Yofiirayo akuti ndi yaing'ono zaka, sinayende mtunda wautali, koma inagundidwapo kumbuyo n'kupentedwanso. Yachikasuyo ndi yakale, mabuleki ake ndi ofunika kusintha, koma denga lake limatseguka, ndipo ikalira anthu amatuluka m'masitolo kudzaona. Yofiira ili ndi mphamvu ya mahatchi mazana atatu. Yachikasu ili ndi ocheperako, koma akuti ndi mahatchi aulemu. Anali ataonera mavidiyo makumi angapo. Anali atafunsa anzake onse kuntchito, ofesi n'kugawikana pawiri, ena osalankhulana.

"Nanga chikuku anzakowo ati chikhala pati?"

"Chipindidwa."

"Chikapindidwa chilowa m'thumba mwako?"

"Amayi, inu zamagalimoto simuzidziwa."

"Zoona, sindizidziwa. Koma pantchito yangayi nsalu sindidula mwini wake ndisanamuyeze. Loweruka tipita tonse, ndi bambo ako omwe."

Loweruka Giya anati tikakumane komweko, chifukwa ankaopa kuti wina angamulande. Ndiye chitunda chija ndinakankha ndekha monga mwa masiku onse. Maminibasi atatu anatidutsa. Tinafika dzuwa litakwera, ine bulauzi itanyowa kumsana, tepi yanga ili m'khosi.

Malowo anali bwalo la mpanda wawaya, magalimoto ali ndandanda ngati nsapato za alendo pakhomo. Awiri ajawo anawaika patsogolo, pafupi ndi geti, atawapukuta mpaka kuthobwa m'maso. Wogulitsa anali bambo wa mimba yake, wa nsapato zosongoka, ndipo ankazunguza makiyi pachala osapuma. Ine ndinangomutcha Wamakiyi.

"Aaa, amayi afika! Ndi madala omwe! Mwalera, amayi, mwalera. Mwana wanuyu ali ndi diso."

"Maso ali nawo awiri. Tsegulani buti."

Anayang'ana Giya. Giya anayang'ana kumwamba. Buti ya yofiira itatsegulidwa ndinaseka ndekha. Dirowa ya makina anga ili ndi malo. Ndinatambasula tepi: mainchesi makumi awiri ndi anayi m'litali, kuya kwake khumi ndi limodzi. Chikuku chopinda ndinali nditachiyeza kale kunyumba, mainchesi makumi atatu ndi asanu kutalika, osawerengera zopondera.

"Matayala amachotsedwa awa," anatero Wamakiyi, akugogoda chikuku ndi nsapato yake yosongokayo, bambo ake a Giya ali pomwepo.

"Phazi lanulo lichotseni kaye. Ndiye muziti mukafika pachipatala muyambe kumanga njinga, wodwala akudikira?"

Tinapita pa yachikasu. Ndinazungulira kumbuyo, Wamakiyi n'kuseka.

"Kumeneko kuli injini, amayi. Buti ili kutsogolo."

"Galimoto yovala malaya chakumbuyo."

Kutsogoloko kunali kadzenje ngati beseni losambitsira khanda. Sindinavutike n'kuyeza.

Giya sanafooke. Anati chikuku chizimangidwa pamwamba, kapena tigule china chizikhalira kuchipatala, kapena abwereke cha konko. Pakamwa pa mwanayu sipasowa njira. Kenako anapempha Wamakiyi kuti alize injini zonse ziwiri ndimve ndekha kusiyana kwake. Yofiira inabangula. Yachikasu inabangulanso. Iye anatsinzina, mutu uli pendeke, ngati ali m'kwaya.

"Mwamva, amayi? Mwamva kusiyana?"

"Ndamva. Ina ikuti ndilibe malo, inayo ikuti nanenso."

"Ndasankha," anatero, osandimva n'komwe. "Yachikasu."

"Chabwino. Diresi timayesa pathupi. Alowetse bambo ako."

Apa ndinene chilungamo. Bambo ake a Giya anali dalaivala wa basi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Chiyambire kulira kwa injini zija, maso awo anali atasintha. Giya atawafunsa ngati akufuna kulowa, anagwedeza mutu mofulumira kuposa momwe amagwedezera ndikawafunsa za mankhwala.

Kulowa sikunavute. Mpando wa galimoto imeneyo uli pansi penipeni, munthu umachita ngati wakhala pamsewu. Giya ndi Wamakiyi anangowatsetsereka, iwo n'kugwera m'menemo, phwa! Mawondo m'mwamba, matako m'dzenje. Dzanja lawo labwinolo linafufuza n'kugwira ndodo ya magiya. Analisiya pomwepo. Mbali yamoyo ya nkhope yawo inamwetulira. Ndinaona, ndipo sindinakonde kuti ndaona.

"Mwaonatu, amayi! Ababa aikonda!"

"Ndaona. Tsopano tafika kuchipatala. Atulutse."

Ndinakhala pa chikuku chija ineyo, n'kupinda manja. Aka kanali koyamba kukhalapo. Si chofewa ayi.

Kudzutsa munthu wofa mbali imodzi kuli ndi njira yake. Anandiphunzitsa kuchipatala, ndipo ndimachita kasanu ndi kamodzi patsiku. Bondo lako litsekereze bondo lakufalo kuti lisapindike. Manja ako agwire lamba kumbuyo. Iwo akukoleke mkono wabwinowo paphewa, muwerenge mpaka katatu, n'kudzuka limodzi. Giya njirayi sankaidziwa. Chaka chathunthu amabwera Lamlungu ndi malalanje, n'kujambula nawo chithunzi, koma anali asanawanyamulepo ngakhale kuchoka pabedi kupita pampando.

Anawerama, n'kugwira chimene chinali pafupi. Mkono wakufa uja.

"Siya!" Ndinakuwa mpaka mlonda wapageti anachita kudzidzimuka. "Mkono umenewo sakoka! Ukufuna uwagulule phewa? Nyama zake sizigwira, ukakoka utsala nawo m'manja!"

Anausiya ngati wagwira mbaula. Anayesa kuwagwira m'khwapa, mutu wake n'kugunda denga. Anagwada pansi, thalauza lake loyera lili pa oilo. Analowetsa mkono pansi pa mawondo awo ngati akunyamula mkwatibwi, n'kukoka. Bambo ake sanasunthe. Ndi munthu wa mafupa ake, ndipo m'kadzenje kameneko analowa ngati chivindikiro cha botolo. Mwendo wakufawo unakodwa pansi pa dashibodi.

"Amayi, tabwerani mundithandize."

"Ine ndili kunyumba, ndikupuma. Si mmene unanenera?"

Wamakiyi makiyi aja anali atasiya kuzunguza. "Bwana, chenjerani ndi chikopa cha mpandowo. N'chenicheni chimenecho."

"Nawonso madalawo chikopa chawo n'chenicheni," ndinatero.

Giya anaponda phazi limodzi m'kati, lina kunja, n'kukoka ndi mphamvu zake zonse. Ndinamva kulira kumene telala aliyense amakudziwa ali m'tulo. Pwee! Msoko wakumbuyo wa thalauza, kuyambira palamba mpaka pansi. Amayi awiri amene ankaona galimoto ina chapafupi anatembenukira kumpanda, mapewa akugwedezeka.

Bambo ake anayamba kuseka. Chidwalireni, kuseka kwawo kumamveka ngati chifuwa, koma ine ndimakudziwa. Anaseka mpaka misozi. Kenako kuseka kunatha, chifukwa galimotoyo inali padzuwa, m'katimo munali ngati mu uvuni, ndipo ndinaona milomo yawo ikuuma. Masewera anathera pomwepo. Ndinadzuka.

"Inu a makiyi, denga lija mumanyadira lija, tsegulani. Iwe, bondo lako apa. Ayi, apa! Gwira lamba, osati malaya. Achimwene apagetiwo, tabwerani mugwire mwendo uwu, pang'onopang'ono, si chikuni. Bambo ake a Giya, mkolekeni mwana wanuyo m'khosi. Mukamufinya pang'ono palibe mlandu."

Ine sindinanyamule. Ndinangowerenga. Amuna atatu, kuwerenga kawiri konse, ndiye anatuluka, theka pakhomo theka padenga. Titawakhazika pa chikuku ndinawamwetsa madzi, n'kuwakonza kolala.

Giya anakhala pansi, pa simenti, atatsamira tayala la yachikasu ija. Ankapuma ngati galu wothamangitsidwa. Dzanja limodzi linali pamsana.

"Msana," anatero.

"Kamodzi kokha? Ine kasanu ndi kamodzi patsiku. Lachiwiri ndi Lachisanu onjezerapo chitunda ndi masitepe a minibasi."

Anayang'ana bambo ake, anayang'ana manja anga. Ndinaganiza kuti ayambanso za kumanga chikuku padenga. Wamakiyi naye anaona kuti nsomba ikupulumuka.

"Bwana, yofiirayo mpando wake ndi wokwererapo pang'ono. Inchesi yathunthu."

Giya anadzuka, anavula jekete n'kulimanga m'chiuno kubisa manyazi ake.

"Amayi, tandibwerekani tepiyo."

"Ukaibweze. Zako zobwereka ndimazidziwa."

Anafunsa kutalika kwa bedi la bambo ake, ndinamuuza. Anafunsa za chikuku, ndinamuuza. Analemba padzanja. Kenako ndinamuona akutsika mzere wonse wa magalimoto, bwana wa tayi, jekete m'chiuno, akugwada pa chitseko chilichonse kuyeza kuchokera pansi kufika pampando. Wamakiyi ankamutsata pambuyo, nkhope ngati wamwa mankhwala owawa.

Imene inakwana inali kumapeto kwenikweni, pafupi ndi chimbudzi. Yotuwa, yaitali ngati kabati, chitseko chotsetsereka cham'mbali, pagalasi lakumbuyo pali dzina la sukulu ya mkaka lofufutika theka. Chikuku chinalowa chosapinda n'komwe. Bambo ake anawakhazika Giya yekha, bondo pa bondo, n'kuwatulutsanso yekha. Ndinamuuza abwereze katatu.

"Imeneyi mahatchi ake ndi angati?" ndinafunsa.

"Amayi, chonde."

Potuluka pageti bambo ake anatembenuza khosi kuyang'ana yachikasu ija mpaka inabisika. Analimbana ndi lilime lawo kanthawi, kenako linatuluka liwu limodzi.

"Ya... bwino."

"Yabwino, eya," ndinatero. "Mukadzayamba kuyenda nokha mudzabwere mudzakhalemo. Kutulukamo mudzaona nokha."

Lachiwiri Giya anafika m'mawa, hutala kawiri pageti. Ndinapita nawo, chifukwa sindinamukhulupirirebe pa nkhani ya mkono uja. Ndinakhala kumbuyo, manja ali pamiyendo, osadziwa chochita nawo. Chitunda chija chinatha ndisanachione. Pasiteji tinadutsa kondakitala wina amene anatisiyapo kambirimbiri. Sindinamukwezere dzanja, ndine munthu wamkulu. Ndinangomuyang'ana bwinobwino.

Ndamva kuti kuntchito Giya amaimika galimotoyi kuseri, kumene amataya makatoni, kuti anzake a mahatchi aja asaione. Akaiponda pachitunda ndimamumva akuthandizira injini ndi pakamwa, pansipansi. Pafoni pake chithunzi cha yachikasu chikadalipo. Zimenezo ndi zake.

Thalauza lija analibweretsa m'pepala, akuti ndimusokere. Lili pansi pa mulu. Patsogolo pake pali madiresi a anthu amene anabwera kudzayezedwa kaye.