Kathabwa ka Enoki

Enoki wa ku Bowe anangotsala pang'ono kundibweza kwathu ku Ntchisi ndi kathabwa kosaposa chikhatho changachi. Lero anthu akamamutama kuti pasitolo pake ku Dzoole sipatha anthu, ine ndimangoseka, chifukwa ndikudziwa kumene munthuyu anachokera.

Tinali pa sukulu ya mishoni pamwamba pa phiri kuno ku Dowa, zaka zija nkhondo ya Ajeremani itangotha. Ambiri ankaphunzira uphunzitsi, ena ukalipentala, koma ife asanu ndi mmodzi tinali a zamalonda, oti tikamaliza tikakhale akalaliki ndi ogulitsa m'masitolo. Ine ndine Nedson, ndipo sindibisa, m'kalasimo ndinali wa kumchira. Enoki ndiye anali mutu. Mnyamata wowonda, wa khosi lalitali, wosadziwa kunama komanso wosadziwa kuseka. Ana a sukulu tonse tinamusankha kukhala kapitawo wathu chifukwa pogawa ndiwo sankakondera. Belu ankaliza ndi iye, wodwala ankamuperekeza ndi iye, ngakhale kukwaya sankajomba, chonsecho mawu ake anali a chule.

Chaka chilichonse anthu akakolola, sukulu inkasinthanitsa mchere ndi chimanga. Amtengatenga ankabwera ndi matumba a mchere pamutu, amayi a m'midzi n'kumabwera ndi madengu a chimanga chotonola, mpaka nkhokwe ziwiri zomata za kuseri kwa khitchini zitadzaza. Chimenecho ndicho tinkadya ife ogonera pasukulu. Ntchitoyi ankaigwira a Nowa, mkulu wina wa m'sitolo ya mishoni, koma chaka chimenecho maso awo anasiya kuona. Aphunzitsi athu, a Elifala, anati palibe vuto, ana a zamalonda aonetse zimene aphunzira.

"Enoki, mchere ndi uwu, matumba anayi, ndipo wina sabwera," anatero. "Nkhokwe zikapanda kudzaza pofika mvula yoyamba, Mzungu wa mishoni wanena kale. Ochokera kutali abwerera kwawo, atsala okhawo otha kudyera kumakwawo."

Ochokera kutalife tinalipo khumi ndi mmodzi. Kwathu unali ulendo wa masiku awiri, ndipo amalume anali atandiuza kale kuti tsiku limene ndidzaponde pakhomo ndisanamalize, za sukulu zathera pomwepo. Ndiye mchere umenewu ine ndinkauyang'ana ndi maso onse awiri.

M'kalasi tinaphunzira kuti wamalonda woona sabera munthu, sadziberanso yekha. Ukatapa mchere m'kachitini, udutsitse kathabwa pamwamba kuti wopitirira ugwere m'thumba. Enoki anasema kathabwa kakekake ka mlombwa, nakapala mpaka kung'anima, n'kumayenda nako m'thumba la malaya.

Tsiku loyamba amayi anafika m'mawa, mzere wautali kuchokera ku Nachisaka. Patsogolo panali amayi Tabita, mzimayi wamkulu thupi, wa mawu omveka tsidya lina, amene amayi anzawo ankangotsata kumene iwo aponda. Anatula dengu lawo lodzaza tho, chimanga chitachita kaphiri pamwamba. Enoki anaonetsetsa kaphiriko, n'kuyala mkeka, n'kutenga thabwa lalitali, n'kusesera chimanga chonse chapamwambacho pamkekapo.

"Ichi chapitirira muyezo, amayi. N'chanu, tengani."

Amayi Tabita anangomuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Iye osaona kanthu. Anatapa mchere m'kachitini, kathabwa kaja pamwamba myaa, n'kukhuthulira m'kansalu kawo. Iwo anasiya kansaluko kali chitambasulire, kudikira basera, kamchere kapamwamba kaja kamene a Nowa ankatsina ndi zala n'kuwonjezera. Enoki anangoti, "Wotsatira!"

Abale inu! Ine ndinali pambali pake ndikugwira thumba, manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Ndinamugunda ndi chigongono, iye anangosendera. Amayi Tabita anamanga kansalu kawo pang'onopang'ono, chimanga cha pamkeka chija osachikhudza n'komwe, n'kunyamuka osatsanzika. Tsiku lachiwiri kunabwera amayi asanu. Lachitatu kunabwera mmodzi, nayenso anali wosamva bwino, uthenga sunamufike.

Panatha masabata atatu nkhokwe yoyamba isanafike ngakhale theka. Mitengo inayamba kuphukira, kutentha kuja kolosera mvula kunayamba, ine tulo osabwera. Tsiku lina masana ndinamupeza atakhala pathumba la mchere, akupukuta kathabwa kake, ndipo mtima unandiwira.

"Iwe Enoki, kwanu ndi pafupi, udzadya kwa amako. Ine ukundiponya kumudzi chifukwa cha kamtengo kakoka!"

"Ine sindinabere munthu," anatero. "Chimanga chawo ndinawabwezera. Ndalakwa chiyani?"

"Walakwa chiyani! Safunsa anadya phula. A Nowa ali pompano, amayiwo mudzi wawo ukuudziwa, koma iwe wangokumbatira thumba ngati nkhuku pamazira."

Anangopitiriza kupukuta kathabwa kake. Koma nditamuyang'ana bwino ndinaona kuti maso ake alowa m'kati, ndipo ndinamva kwa wophika kuti kwa masiku awiri mbale yake ankaigawira ena. Chisoni chinandigwira, koma sindinamuuze, ndinali ndidakali ndi mkwiyo.

Loweruka m'mawa anandidzutsa. "Tiye ku Nachisaka. Ndikufuna ndikamve ndekha."

Tinawapeza amayi Tabita akumasula mitolo ya udzu, denga la nyumba yawo lili pululu. Enoki anavula chipewa, n'kunjuta, n'kuyamba mawu amene anakonza m'njira. Iwo anamudula asanafike pakati.

"Za mchere ine sindikuzidziwa, ananu. Ndikudziwa kuti mvula yayandikira, amuna anga ali ku Halale, denga ndi ilo."

Enoki anandiyang'ana, n'kupinda malaya, n'kukwera. Ine ndinamutsatira ndikung'ung'udza, nanga ndikanatani? Tinafolera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, udzu ukutiyabwa m'khosi, luzi likutidula zala. Apo ndiye ndinamuona mnzangayu. Munthu wa zolembalemba, wosazolowera denga, koma sanapume, ndipo pamene ine ndinkafuna kuba mpata kuseri kumene anthu saona, iye anandibweza kuti ndimangenso.

Titatsika, amayi aja anatiyalira mphasa n'kutulutsa lichero la mtedza. Njala inali itatipanikiza, ine malovu anali atadzaza kale m'kamwa. Iwo anatenga chikho chaching'ono, n'kutapa mtedza, kenaka n'kuyang'anayang'ana pansi mpaka anatola kabango. Anadutsitsa kabangoko pamwamba pa chikho mosamala, wopitirira n'kugwera m'lichero. Anaonetsetsanso, n'kuchotsa kamtedza kamodzi ndi zala. Anakhuthulira m'manja mwa Enoki.

"Wotsatira!" anatero.

Amayi ena amene anasonkhana kumpanda anaphulika kuseka, wina mpaka anakhala pansi. Enoki sanaseke. Anayang'ana mtedza wa m'manja mwakewo nthawi yaitali.

"Mtedzawu ndi wokwanira, amayi," anatero motsitsa, "koma ukuwawa."

"Eya, mwana wanga, ukuwawa. Ine ndinasenza dengu kukwera phiri lonse lija, kaphiri kapamwambako ndikuti ana a eni ake adye, ali kutali ndi amawo. Iwe n'kundisesera pamkeka pamaso pa anzanga, ngati ndabwera ndi zinyalala. Kodi tinabwera kwa mdani? A Nowa mchere wawo sunali wambiri kuposa wako. Koma zala zawo zinkatiuza kuti mubwerenso."

Atatero anakankhira lichero lonse kwa ife. Ine ndinadya, osanama. Enoki anadya pang'ono, kenaka tinabwerera kusukulu.

Lolemba anapita kwa aphunzitsi a Elifala kukapempha kuti aziwonjezera basera. Iwo anakanda pamutu.

"Mchere ndi womwewo, Enoki. Ukamatsina pamwamba, utha nkhokwe zisanadzaze. Waganiza zimenezo?"

"Ndaganiza, aphunzitsi. Ndipatseni tsiku limodzi."

Madzulo ake asanalize belu la chakudya anatisonkhanitsa tonse pansi pa mkuyu. Sanabise kanthu. Anati wolakwa ndi iye, osati amayi aja, ndipo anafotokoza za mtedza uja, anthu n'kumamuseka iye ali chiimire. Kenaka anati kukhitchini kuli mchere wathu wa m'ndiwo wa mwezi wathunthu. Anapempha kuti umenewo ukhale wa basera, kuti matumba anayi aja asachepe, ndipo anati amene sakufuna anene, gawo lake silikhudzidwa. Mnyamata wina wa ukalipentala, woti kwawo kunkaoneka tili pasukulu pomwepo, ndiye anayamba kukweza dzanja. "Nedson akapita, tiziseka ndani?" anatero. Manja onse anakwera. Langa linakwera pomalizira, chifukwa ine ndiwo zopanda mchere ndimadana nazo kufikira lero.

Ha, mwezi umenewo! Nyemba zopanda mchere, chisoso chopanda mchere, kudya ngati ukumwa mankhwala. Ndinkamutukwana Enoki mbale iliyonse, iye n'kumangoti, "Idya, Nedson." Koma amayi anabwerera. Anayamba amayi Tabita, kenaka a ku Dzoole, kenaka ena ochokera kumene sitinkakudziwa n'komwe. Kachitini ankakayezabe ndi kathabwa, pakuti Enoki ndi Enoki, koma akatha ankapisa dzanja m'kambale ka mchere wathu wa m'ndiwo uja n'kutsina ndi zala zitatu. Masiku oyamba ankatsina ngati akugwira moto. Patapita sabata ankafunsa za ana, ankadziwa amene mwendo ukuwavuta, ndipo tsiku lina ndinamumva ndi makutu angawa akuseka. Timaphiri ta pamadengu tinkakulirakulira, ndipo thabwa lalitali lija linathera pamoto wa kukhitchini.

Mchere unatha Lachisanu, mitambo itayamba kuda cha ku Ntchisi. Nkhokwe yoyamba inali itadzaza, yachiwiri itatsala pang'ono, mwina madengu khumi. Aphunzitsi anasuzumira m'katimo n'kupukusa mutu. Ine ndinapita kukapinda bulangete langa, mtima uli zii.

M'mawa mwake tinamva nyimbo kumunsi kwa phiri. Titatuluka tinaona amayi Tabita patsogolo, mzere wa madengu pambuyo pawo. Enoki anathamanga kukawachingamira, manja ali m'mwamba.

"Pepani amayi, mwavutika chabe. Mchere watha dzulo, ndilibe choti ndikupatseni."

"Choka apa iwe, wakufunsa ndani?" anatero iwo, n'kumudutsa.

Anakhuthula okha, mmodzimmodzi, mpaka chimanga chinafika pakamwa pa nkhokwe n'kuyamba kutayikira pansi. Ndinangoima pamenepo ndikulira ngati mwana, munthu wa ndevu kale, anzanga akundiseka, ine osasamala. Sindinapitenso ku Ntchisi mpaka nditamaliza.

Enoki anatulutsa kathabwa kake m'thumba n'kuwapatsa amayi Tabita ndi manja awiri. Iwo anakatembenuza uku ndi uku. "Sunga, n'kabwino, sikanama," anatero. "Kungoti kasamakhale komalizira." Kenaka anamasula mfundo ya nsalu yawo n'kutulutsa kachikho kotseka ndi chitsononkho, n'kumuika m'manja.

Anatsegula. Munali mchere.

"Tinamva kuti ana a sukulu mwezi wonse akudya ndiwo zozizira chifukwa cha ife," anatero amayi Tabita. "Ndiye aliyense wabweza kake kaja unkatsina. Kathireni m'nyemba, Nedson asiye kutukwana."