Laputopu ya Malemu Varkey

Tiyi anazizira kachiwiri, koma Jomon ndi bambo ake aang'ono a Kuriakose anali akadali pa mkangano, laputopu ya malemu Varkey, bambo ake a Jomon, ili yasa pakati pawo pakhonde.

Aleyamma ankawayang'ana ali chiimire pakhomo la khitchini. Mawa lake kunali mapemphero okumbukira mwamuna wake Varkey, ndipo mwana wake Sheeba, namwino ku Muscat, mabwana ake anamukaniza tchuthi. Aleyamma ankangofuna chinthu chimodzi: kuti Sheeba aone mapempherowo kudzera pa laputopu, osati pa kafoni ka mayi akeyo kosweka galasi. Koma laputopuyo inali itakalamba, inkangozungulira osatseguka.

Amuna awiriwo anagwirizana msanga kuti aikemo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta. Vuto linali lakuti Linux ili ndi mitundu yambirimbiri. A Kuriakose ankati Debian, chifukwa sigwedezeka. Jomon, yemwe anabwera dzulo lake kuchokera kuntchito ku Bangalore, ankati Arch, chifukwa munthu amaimanga yekha mmene akufunira.

"Amayi ako amange okha? Iwe mutu uli bwino?"

"Nanga yanuyo, bambo, si ya anthu opuma pantchito?"

Anaseka, natenganso appam, zitumbuwa za ufa wa mpunga. Mbale inali itatsala pang'ono kuyera.

Aleyamma anafunsa kuti yosavuta ndi iti. Onse anayankha nthawi imodzi, wina akujambula m'mwamba ndi chala, wina akumuonetsa galasi lakuda lodzaza timalemba toyera ngati nyerere. Palibe anatchula dzina la Sheeba.

"Ikadzavuta Lachiwiri masana, adzabwere ndani?" anafunsa Aleyamma.

Jomon anati adzamuthandiza pafoni, chonsecho foni ya amayi ake amayankha Lamlungu lokha. A Kuriakose anatchula bondo lawo ndi kutalika kwa kwawo ku Kottayam.

"Ndiye mwadya appam wanga ulele."

Aleyamma anatseka laputopu chala cha Jomon chikadali pomwepo, naikulunga m'mphepete mwa sari, nsalu imene anavala, n'kuwoloka msewu. Molykutty, mnansi wake wosoka mabulauzi, ankalankhula ndi mwamuna wake amene anali ku Doha tsiku lililonse pa laputopu yakale chimodzimodzi. Atafunsidwa kuti Linux yake ndi mtundu wanji, anati sakumbukira bwino, kaya ndi Mint, ili ndi kachizindikiro kobiriwira. Anamuikira ndi mlongo wake wa pashopu ya pakona.

"Kobiriwirako basi. Ikandivuta ndizikuwa pawindo," anatero Aleyamma.

Pobwerera madzulo, mlongo wa Molykutty atamuikira Mint ija, anapeza amuna aja akadali pakhonde. Jomon anayamba kunena kuti imeneyo ndi ya ongoyamba kumene.

"Nanga ine ndine ndani?" anatero Aleyamma. Anaika laputopu patsogolo pa chithunzi cha Varkey, nadina yekha, ndipo nkhope ya Sheeba inadzaza galasi lonse.