Mapeyala Okana Mayi Wake

Atelala anadikira zaka zisanu ndi ziwiri kuti mtengo wa mapeyala kuseri kwa shopu yawo ubereke. Nthangala yake anachita kuichotsa okha m'chipatso cha mtengo wa kunyumba yakale, umene malemu akazi awo ankaunyadira chifukwa mapeyala ake anali onona ngati batala. Loyamba litapsa, analidula pa tebulo lodulirapo nsalu n'kulawa. Linali madzi okhaokha. Anadula lachiwiri, chimodzimodzi.

Mwana wawo wamkazi, mphunzitsi wa sayansi ku sekondale, anawapeza ali pa makina koma osapalasa.

"Mwanawe, kodi munthu angabe mtengo n'kuikapo wina?"

"Mwayambatu, Ababa. Angabe mtengo ndani?"

"Nanga ichi n'chiyani? Ine ndinadzala mtengo wa mayi ako, koma wamera wa eni."

Mphunzitsiyo analawa n'kukwinya nkhope.

"Nthangala si mtengo womwe uja ayi. Ndi mwana wake, ndipo mwana amakhala ndi bambo. Njuchi zinabweretsa mungu kuchokera ku mtengo wina."

"Wa ndani?"

"Ndingadziwe bwanji?"

Atelala anavula magalasi. "Ukundiuza kuti mtengo wa mayi ako unali woyendayenda?"

Mwana uja anaseka mpaka misozi. Kenako anatenga maulusi m'dilowa n'kuwandanda awiriawiri pa tebulo, wofiira pambali pa woyera.

"M'thupi la chamoyo chilichonse muli timaulusi tonyamula maonekedwe ake. Timakhala tiwiritiwiri chonchi, kena kochokera kwa mayi, kena kwa bambo. Ikafika nthawi yokonza mbewu yoberekera, timasinthana zidutswa, kenako timagawikana, mbewu iliyonse n'kutenga theka. Kusukulu timati meyosisi. Thekalo likakumana ndi theka la kwina, pamatuluka chatsopano."

"Ndiye iweyo uli ndi theka langa lokha?"

"Eya."

"Liti? Lakumtunda kapena lakumunsi?"

"Losakanikirana, Ababa."

Atelala anayang'ana maulusi aja. Pa moyo wawo wonse, akadula nsalu pakati pankatuluka malaya a mwana, osati a munthu wamkulu. Nanga apa patsogolo pawo panaima munthu wathunthu, wamtali kuposa iwo, akuti anasokedwa ndi matheka.

"Chabwino. Nanga maluwa ali pakhomowa? Ndinangothyola nthambi kwa aneba n'kuzika, anatuluka ofanana ndendende."

"Nthambi ilibe bambo. Ndi chomera chomwecho chikungopitiriza. Mukafuna mapeyala a amayi enieni, kaduleni kanthambi ku mtengo wakale uja tidzamezanitse pa uwu."

"Kumezanitsa ndiye kutani?"

"Ngati kusokerera mkono wa jekete ina pa jekete ina."

Apo pokha ndiye Atelala anagwedeza mutu.

Kutacha anatseka shopu, anaika sizasi m'thumba n'kukwera basi. Mayi amene anagula nyumba yakale ija anamvetsera nkhani ya njuchi ndi matheka, osatolapo kanthu, koma anawalola kudula. Anabwerera ndi tinthambi titatu tokulunga m'kansalu konyowa.

Loweruka mphunzitsiyo anang'amba nthambi za mtengo wa kuseri uja ndi lezala, n'kulowetsamo tinthambito. Atelala ankamanga ndi pulasitiki, mfundo zawo zaudongo ngati za pa diresi laukwati. Atamanga komaliza anaima, manja m'chiuno.

"Tsono tandiuza. Mizuyi ndi ya mwana, nthambizi ndi za mayi wake. Ndiye kuti mwana wabereka mayi wake kumsana?"

"Tingatero."

"Nanga zipatso zikabwera, zidzakhala abale ake a mtengowu kapena ana ake?"

 Mphunzitsiyo anati akafunsa mnzake wophunzitsa zaulimi.

Tinthambi tiwiri tinauma. Kachitatu kanaphukira patatha milungu isanu, timasamba tofiirira, ndipo Atelala anasuntha makina awo n'kuwaika pafupi ndi zenera lakuseri.